Galimoto ikamadziponda moto yokha itatchunidwa injini: mmene ndimasakira vuto

Mwini galimoto akandiuza kuti chitchunireni injini (kuisintha kuti ikhale ndi mphamvu zambiri) galimoto ikudziponda moto yokha, ndimayamba ndamufunsa kuti: "Abwana, kwenikweni ikuchita bwanji, ndipo ikumatero nthawi iti?" Mawu amodzi omwewa anthu amanenera zinthu zitatu zosiyana. Pena injini imangolira mokweza galimoto itaima, singano yoonetsa kuzungulira kwa injini ili pa 1,500 kapena 2,000 rpm injini itatentha kale, pomwe pa Vitz, Sienta kapena Probox imayenera kukhala pakati pa 600 ndi 800. Pena mukachotsa phazi pa moto singano imachedwa kutsika. Chachitatu ndiye choopsa: galimoto imakoka yokha phazi lili pambali. Yotereyi sindilola kuti aiyendetse kubwera nayo, ichite kukokedwa. Msewu wochokera ku Bvumbwe kudutsa pa boma la Thyolo mpaka ku Luchenza ndi wa makona ndi mitsetse, ndipo m'mbali mwake simusowa ana asukulu, akabaza ndi anthu opita kothyola tiyi.

Zikakuchitikirani muli pa msewu, pondani mabuleki mwamphamvu ndipo musachotsepo phazi. Musamaponde n'kusiya. Injini ikakhala pa moto wonse sipanganso vacuum yomwe imathandiza mabuleki, ndiye mukaponda n'kusiya kawiri katatu chopondera chimalimba gwa. Ikani giya pa N, kapena pondani klatchi ngati ndi ya manual. Injini ya petulo ikuwa koopsa, koma isiyeni ikuwe, ECU (kompyuta yoyendetsa injini) imadula mafuta injiniyo ikafika pa malire. Patukani, imani, kenako zimitsani. Mukakakamizika kuzimitsa ikuyendabe, bwezani kiyi pa ACC pokha, osafika pa LOCK, chifukwa chiwongolero chikhoza kukiyika. Pa Toyota ya batani, dinikizani batanilo osasiya kwa masekondi 3.

Pofufuza ndimatsata mfundo imodzi. Injini ya petulo singathamange popanda mpweya. ECU itati ithire mafuta ochuluka bwanji, mpweya ukakhala wochepa injini imangotsamwa n'kutulutsa utsi wakuda. Choncho ikamathamanga yokha, ndiye kuti mpweya ukulowa penapake: mwina throttle (kachitseko kolowetsa mpweya mu injini) siikutsekeka, mwina ECU ikuitsegula chifukwa yauzidwa zabodza, kapena pali pobooka. Ndimatsata mpweyawo, ndipo ndimayambira pa zinthu zogwirika ndi manja ndisanaimbe mlandu kompyuta.

Ndimagwada kaye pa chitseko cha dalaivala ndi tochi. Kuno matope ndi ambiri nthawi ya mvula, ndiye anthu amayala kapeti ya labala pamwamba pa kapeti yobwera ndi galimoto, yosakoleka pena paliponse. Imasendera kutsogolo n'kugwira kunsi kwa chopondera moto. Galimoto ikatchunidwa, mwini wake amafuna kumva mphamvu yatsopano, amaponda mpaka pansi pomwe kale sankafikapo, chopondera n'kukodwa m'mphepete mwa kapetiyo. Izi si zazing'ono ayi: mu 2009 Toyota inaitanitsa galimoto mamiliyoni ku America chifukwa cha makapeti, mu 2010 chifukwa cha zopondera zomata, ndipo akatswiri a NASA atafufuza ananena mu 2011 kuti sanapeze vuto la zamagetsi lomwe linkachititsa galimotozo kuthamanga zokha. Ndimatulutsa makapeti onse, kenako ndimakankha chopondera ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka pansi n'kuchisiya. Chiyenera kubwerera msanga, osagwiragwira.

Ngati galimoto ndi ya kebulo yochoka pa chopondera moto kupita ku throttle, ntchito yambiri ili pansi pa boneti. Kebulo imafunika kulefuka pang'ono, mamilimita 1 mpaka 3, isanayambe kukoka throttle. Otchuna ena amaikunga kuti galimoto izimva moto msanga, ndiye throttle siifikanso pa malo ake otsekera. Ndimayang'ananso paipi yatsopano ya mpweya ngati siikukankha kebulo, ndi mchira wa klampu ngati sukugwira kagudumu komwe kebulo imazungulira. Chomwe ambiri amaphonya ndi ma mounting a injini. Labala wake akang'ambika, injini yowonjezeredwa mphamvu imanyamuka mukamakwera chitunda, n'kukoka kebulo yokungidwa ija, moto n'kuwonjezeka, injini n'kunyamukanso kwambiri. Poyeza ma mounting, munthu wina amaponda mabuleki n'kuika pa D, kenako pa R, ine nditaima pambali, osati kutsogolo, kuona mmene injini ikugwedezekera. Pa throttle body palinso kasikuluwu kopakidwa penti ku fakitale. Penti ikakhala yosweka ndimadziwa kuti wina anakapotokola pofuna kukweza idling (kalilidwe ka injini phazi lisanaponde moto), ndipo kamayenera kubwezedwa.

Zikakhala bwino apa ndimalumikiza scanner ya OBD2 (kachipangizo kowerenga makodi a mavuto mu ECU), ndipo sindifufuta makodi ndisanawalembe. P0507 imatanthauza kuti idling yakwera kuposa momwe ECU ikufunira. P0171 ndiye kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta. P2135 ndi P2138 zimanena kuti masensa awiri a throttle kapena a chopondera sakugwirizana. Koma zambiri ndimazipeza pa live data. Injini itatentha, ndimaphatikiza short term ndi long term fuel trim, manambala osonyeza mafuta omwe ECU ikuwonjezera kapena kuchepetsa. Zikapitirira +10% pa idling koma n'kutsika ndikakweza injini kufika pa 2,500 rpm, pali mpweya wolowera pambali. Malo ake amadziwika: paipi ya PCV (yotulutsa mpweya wotsalira m'kati mwa injini) yomwe inasowa polowa ataika paipi yatsopano ya mpweya, paipi yopita ku booster ya mabuleki, gasiketi ya throttle body yobwezeredwa yakale yomweyo, kapena jointi ya labala yomwe klampu yake inaluma mopendama. Ndimafinya mapaipi ang'onoang'ono imodziimodzi ndi pulayala yokulunga kansalu, ndipo singano ikatsika ndiye kuti ndaipeza. Kubooka kotere kumakweza idling, moti ya automatic imadumpha mukaika pa D, koma pakokha sikupereka mphamvu yonse ya injini. Ngati galimoto inakoka mwamphamvu, ndimapitiriza kusaka ngakhale nditapeza pobooka.

Fyuluta yozungulira yopakidwa oyilo, yomwe anyamata amaikonda chifukwa cha kalilidwe kake, sindiikhulupirira pa misewu yafumbi ya m'maesiteti. Oyiloyo amakafika pa kawaya ka MAF (sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini), fumbi n'kumatirira, sensa n'kuyamba kunama. Komanso MAF inayezedwa kuti izigwira ntchito m'paipi ya kukula kwina kwake, ndiye ikaikidwa m'paipi yaikulu imawerenga mpweya wochepa kuposa womwe ukudutsa. Injini ya 1.5 pa idling imaonetsa pafupifupi magalamu 2 pa sekondi. Ndimatsuka sensa ndi mankhwala ake a MAF okha, osaikhudza ndi chala kapena nsalu, n'kubwezera bokosi la fyuluta lobwera ndi galimoto.

Pa galimoto zopanda kebulo, throttle imatsegulidwa ndi kamota. Ikatsukidwa, ECU imakumbukirabe mmene inkatsegulira muli litsiro, choncho idling imakwera mpaka itaphunzitsidwanso. Nissan ndiye imavuta kwambiri pa izi, imafuna idle air volume learning, injini itatentha, magetsi ndi AC zitazimitsidwa. Musalowetse chala pa throttle yotere kiyi ali pa ON, kamotako kali ndi mphamvu.

Kenako ndimasuzumira kuseri kwa chopondera kufuna kabokosi ka throttle controller. Kamalumikizidwa pakati pa chopondera ndi ECU, ndipo sikawonjezera mphamvu ya injini ngakhale pang'ono. Kamangouza ECU kuti mwaponda kwambiri pomwe mwangokhudza. Mkati mwa msika wa Limbuli kapena pa Chitakale, galimoto yotere imadumpha phazi likangotsetsereka. Choipitsitsa ndi pomwe pulagi sinagwirizane, woikayo n'kudula mawaya n'kuwapota ndi tepi. Masensa amenewa amayendera 5V basi, ndiye chinyezi cha chiperoni chikalowa m'jointi, mawaya amachita dzimbiri lobiriwira, uthenga n'kumasinthasintha. Ndimachotsa kabokosiko, mawaya odulidwa ndimawotcherera ndi solder n'kuwaveka heat shrink, kenako ndimaonera pa scanner mizere iwiri ya sensa ya chopondera, injini itazima kiyi ali pa ON. Iyenera kukwera limodzi bwinobwino popanda kudumpha, ngakhale ndikamagwedeza mawaya ndi dzanja. Ndimaonanso waya wa earth wa injini ndi switchi ya magetsi a mabuleki, poti galimoto zomwe zimadula moto mukaponda mabuleki zimadalira switchi imeneyi. Zambiri zopangidwa chisanafike chaka cha 2010 zilibe n'komwe chitetezo chimenechi.

Zonsezi zikakhala bwino m'pamene ndimafika pa remap, komwe ndi kusintha pulogalamu ya mu ECU. Ndimauza mwini galimoto kuti akatenge fayilo yoyambirira ya pulogalamuyo kwa amene anatchuna. Wotchuna wodziwa ntchito amasunga fayiloyi asanalembe chilichonse mu ECU. Ena amangokopera fayilo ya galimoto ina yofanana dzina, ena amakweza mapu a chopondera (omwe amauza ECU mphamvu yoti ipereke malinga ndi mmene mwapondera) mopyola muyeso, ndipo ena amazimitsa makodi komanso gawo lomwe limayerekeza mphamvu yomwe dalaivala wapempha ndi yomwe injini ikupereka, pofuna kuti galimoto isamalowe mu limp mode, pomwe ECU imachepetsa dala mphamvu ikaona vuto. Gawo limenelo ndi lomwe likanatseka throttle zinthu zikasokonekera, ndipo ine sindiona mphamvu ina iliyonse yoyenera kugulidwa pa mtengo umenewo. Fayilo yoyambirira imabwezedwa batire litalumikizidwa ku chaja, chifukwa magetsi akatsika ntchito ili mkati ECU ikhoza kufa. Vuto likatha, wolakwa wadziwika.

Dizilo ndi nkhani ina: kumeneko ndimatsata mafuta. Pa injini zakale za pampu, monga 5L ya m'maminibasi a Hiace, anthu amalowetsa mkati sikuluwu ya mafuta kuti galimoto izikwera zitunda itadzaza. Akapyola muyeso, injini imachedwa kutsika ndipo imatha kuthawa. Pampu yotere ipite kokayezedwa pa makina. Pa za turbo zokwezedwa boost (mphamvu yomwe turbo imakankhira mpweya), ma seal a turbo akatha oyilo amadzaza mu intercooler (choziziritsa mpweya wochoka ku turbo), injini n'kuyamba kumwa oyilo wake womwe. Utsi umatuluka wochuluka, wotuwa, ndipo kiyi sathandiza ngakhale mutamuzula. Ya manual imazimitsidwa poika giya yapamwamba, kuponda mabuleki zolimba n'kusiya klatchi. Ya automatic imafuna kutseka polowera mpweya ndi thabwa kapena kupoperapo chozimitsira moto cha CO2, osati kutseka ndi chikhatho. Poyeza ndimamasula paipi yakunsi ya intercooler: kunyowa pang'ono ndi oyilo n'kwachibadwa, koma akamachita kuyenderera ndiye kuti turbo yatha. Shafti ya turbo isasewere kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mapiko ake asakhule m'mbali. Oyilo pa dipstick akapitirira mzere wapamwamba n'kumanunkha dizilo, athiridwe wina. Mukasintha turbo, intercooler ndi mapaipi ake zitsukidwe, apo ayi turbo yatsopano ikankhira oyilo wotsalayo mu injini tsiku lomwelo.

Poyesa galimoto ndimasankha malo athyathyathya, owongoka, opanda anthu, osati mitsetse ya Thyolo. Timakhala awiri, wina atagwira scanner ikujambula chopondera, throttle ndi rpm. Ndimayamba injini ili yozizira, pomwe 1,200 mpaka 1,500 rpm si vuto, n'kudikira kuti itsike yokha ikatentha. Ndimaponda theka n'kusiya, kenako mpaka pansi n'kusiya, ndili wokonzeka kuika pa N. Nthawi iliyonse mzere wa throttle uyenera kutsika limodzi ndi wa chopondera. Mwini galimoto akafuna kubwezera zina mwa zomwe anaikamo, timabwezera chimodzi, galimoto n'kuyenda masiku angapo, kenako china. Throttle controller ya mawaya odula ndi kapeti yachiwiri sindizibwezeramo.