Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Mpamba Si Ndalama ya Ndiwo

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe tinasamukira ku Senga Bay titangolowa m'banja. Lero ndikamba za ndalama, chifukwa chimene chinatsala pang'ono kugwetsa banja lathu sichinali mowa kapena chibwenzi chamseri ayi, koma ndalama za usipa.

Abambo akunyumba ndi mmisiri womanga nyumba. Ntchito imeneyi ndi ya nyengo: chilimwe anthu akaotcha njerwa, ndalama imabwera yambiri nthawi imodzi, mvula ikangoyamba kuli zii. Ine ndinali ndi geni yanga yomwe ndinaiyamba ndili mbeta. M'bandakucha ndimakadikira maboti pagombe, kupikula usipa kwa alovi (asodzi ogwira ntchito m'mabotimo), kuufwafwaza, kuuyanika pathandala, ukauma n'kukakwera nawo minibasi ya ku Lilongwe pa Kamuzu Road, m'tauni ya Salima.

Ndiye taonani. Ndalama zanga zimaoneka pafupipafupi, zawo mwa apo ndi apo. Apongozi akadwala ku Khombedza, kapena mlamu wanga akabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, maso onse amakhala pa ine. "Mayi, tapatulaniko pa za usipazo, ndibweza akandilipira." Sikuti amanama. Amabwezadi, koma patapita miyezi, pomwe usipa umafuna ndalama yake mawa m'mawa.

Anthu ambiri akaona mayi wa geni akumasula mfundo ya chitenje amayesa zonsezo ndi zake. Ndalama yobwera nayo ku Lilongwe ili ndi eni ake kale: thiransipoti, chiphaso cha mumsika, nkhuni zofwafwazira, matumba, anyamata onyamula, ndiponso nsomba za ulendo wotsatira. Phindu ndi kotsalako. Komanso nyanja ili ndi nyengo zake. Mwera ukamawomba mu June ndi July maboti amagona pamtunda, usipa umasowa, mtengo n'kukwera. Nthawi ya dzinja kuchilumba cha Mbenje amatseka usodzi monga mwa mwambo wa kwa Makanjira, ndipo usipa wochepa umene wapezekawo ukhoza kukuwolera pathandala chifukwa cha mvula. Wopanda mpamba wokwanira m'miyezi imeneyi geni imamuthera m'manja.

Tsiku lina ndinakana. Abambo sanakalipe, koma anasiya kundiyankhula, nsima n'kumangoidya ngati ya kwa eni. Nkhani inafika kwa ankhoswe.

Amalume anga anamvetsera mbali zonse ali chete, akupalasa pansi ndi kamtengo. Kenako anafunsa: "Akamwini, njala ikavuta mu February, mbewu yomwe mwasungira kudimba mumaikazinga?" Abambo anapukusa mutu. "Mpamba wa mwana wathuyu ndi mbewu. Mukaudya lero, mawa nonse mugona ndi njala, ndi amayi anu omwe."

Nkhoswe ya kuchimuna nayo inayankhula mawu omwe ndimawalemekeza mpaka lero. Inati mwamuna amene sadziwa kuti m'nyumba mwake muli zingati amakhala ngati mlendo, ndipo mkazi amene sadziwa kuti mwamuna walandira zingati kuntchito amakhala ngati wantchito. Tonse tiulule.

Tinagula kope la ana asukulu. Lamulungu lililonse madzulo, tikatha kudya, timakhala pamphasa n'kulemba zolowa ndi zotuluka. Mpamba tinaupatula, umakhala mufoni ku Airtel Money. Abambo amadziwa kuchuluka kwake koma sukhudzidwa. Ndiwo, sopo, makala ndi chigayo zimachokera pa phindu langa. Ndalama zawo, poti zimabwera zambiri pakamodzi, zimapita ku lendi, feteleza ndi fizi. Chovuta kwambiri chinali thandizo la achibale, pakuti palibe amene amafuna kuti kwawo kuchepekedwe. Tinagwirizana kuti chopita ku Khombedza ndi chopita kwa amayi anga tizikambirana chisanatuluke, ndipo chizilembedwa patsamba limodzi, aliyense aziona.

Ndinalowanso banki mkhonde. Kumeneko ndinapeza amayi ena omwe amabisa kabuku ka masheya kwa anzawo kuti amuna awo asakaone. Ine sindiwaweruza. Ndinaonapo mayi atasonkha chaka chathunthu, tsiku logawana mu December mwamuna n'kumudikira panjira, ndalama yonse kukathera kumowa ana alibe yunifolomu. Kuulula kumafuna munthu woti ukamuuza asakulande. Pamene palibe zimenezo, mayi akabisa amakhala akuteteza ana ake.

Mayeso enieni anabwera mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Mafuta anakwera, eni maboti a injini anakweza nsomba, minibasi nazo chimodzimodzi. Mpamba womwe umadzaza matumba anga unayamba kubwerera ndi katundu wochepa, ndipo anzanga ena anathamangira katapila. Sabata imeneyo abambo anali atalandira ndalama ya mpanda womwe amamanga ku boma. Lamulungu madzulo anaitulutsa yonse, n'kuiika pakope paja.

"Mayi, onjezerani pa mpamba. Malata adikire."

Ndinati tiilembe ngati ngongole. Anakana, ine n'kuumirira, mpaka analemba okha ndi dzanja lawo. Ndinabweza pang'onopang'ono, ndipo yomaliza ndinapereka titagawana kubanki mkhonde chaka chotsatira. Ndalama imeneyo ndi yomwe tinayambira kulipira puloti, nkhani yomwe ndikufotokozereni m'gawo likubwerali.