Mayeso anga a shell ayamba kuyenda pa macOS ndi FreeBSD

Kapulogalamu kanga kosanja mafayilo kali ndi timascript ta shell (timafayilo ta malamulo olembera kompyuta) toyesa ngati kakugwira bwino ntchito. Sabata ino ndimafuna timascript timeneti tiziyenda paliponse, osati pa Ubuntu pokha.

Ndinayamba ndi kuchotsa zonse zimene amazidziwa bash yekha, mmodzi mwa ma shell, mapulogalamu amene amayendetsa timascript totere. Pa Debian ndi Ubuntu, /bin/sh ndi shell wina wotchedwa dash, ndipo dash sadziwa `[[ ]]` kapena ma array. Nayo macOS ikadali ndi bash 3.2 wa mu 2006, choncho zimene zinabwera ndi bash 4 kumeneko kulibe. Panopa mzere woyamba wa fayilo iliyonse ndi `#!/bin/sh`, ndipo ndikungotsata za POSIX basi, muyezo umene ma shell onsewa amagwirizanapo. ShellCheck ndi checkbashisms, mapulogalamu ofufuza zolakwika m'mascript, andithandiza kutola zotsalira.

Chimene chinandidyera nthawi ndi `sed -i`, lamulo losinthira mawu mu fayilo momwemo. Pa sed wa GNU, amene ali pa Ubuntu, ukalemba `sed -i 's/a/b/' fayilo` zimatheka bwinobwino. Sed wa macOS ndi FreeBSD amatenga mawu otsatira `-i` ngati mchira wa dzina la fayilo yosungira zakale, kenako dzina la fayilo yako n'kuliwerenga ngati lamulo. Uthenga umene amakupatsa sulozera n'komwe kumene kuli vuto. Ukati umusangalatse poika `''`, wa GNU ndiye amakana. Ena amalemba `-i.bak` kuti onse awiri avomere, koma ine sindikonda kutsala ndi zinyalala zoti ndizisesa pambuyo. Ndangosiya `-i`: zotuluka zimapita mu fayilo yongoyembekezera, kenako `mv` amaiika m'malo mwa yoyamba ija.

Mayeso ena ankalephera pomwe pulogalamuyo ilibe vuto ngakhale pang'ono. `wc -l` wa macOS, wowerenga mizere, amaika mipata kutsogolo kwa nambala, ndiye kufananiza ndi `=` kumakanika ngakhale nambalayo ili yolondola; `-eq`, amene amafananiza manambala osati zilembo, wathetsa nkhaniyo. `sort` nayenso amasanja zilembo zazikulu ndi zazing'ono motengera locale (chinenero ndi dera zosankhidwa) ya makinawo, ndiye pamwamba ndaika `export LC_ALL=C`. Ma `echo -e` onse asanduka `printf`.

Kwatsala `date -d`, amene pa macOS ndi FreeBSD sagwira monga pa GNU. Maganizo anga ndi oti mayesowo azipatsidwa deti lolembedwa kale m'malo moliwerengera okha. Ndikathana nazo ndiyesa Git Bash pa Windows, ndipo ndaikiratu `eol=lf` mu .gitattributes kuti CRLF, zizindikiro zothera mzere za Windows, zisalowe m'timascript.