Kujambula ndi dzuwa la ku Luwinga

Ndikuphunzira Chemistry ndi Physics pa digiri ya uphunzitsi wa sayansi ku Mzuni, yunivesite ya Mzuzu yomwe ili ku Luwinga. Anzanga akhala akundifunsa kuti zithunzi za buluu zija tinazipanga bwanji popanda kamera kapena penti, ndiye nayi njira yonse monga tinayendera.

Lusoli limatchedwa cyanotype. Analitulukira ndi John Herschel wa ku England mu 1842, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri a zomangamanga ankakopera mapulani a nyumba mwa njira imeneyi. N'chifukwa chake mapulani akale anali a buluu okhala ndi mizere yoyera.

Ndinayamba ndi kusaka munthu waluso, ndisanalembe ngakhale mzere umodzi wa pempho. Ndinapeza mnyamata wina amene amajambula pa nsalu n'kumagulitsa m'tauni kwa alendo opita ku Nkhata Bay ndi ku Nyika. Ife a sayansi tili ndi chizolowezi chomaliza zonse kenako n'kuitana wojambula kuti angokongoletsa, ndipo zotuluka zake zimakhala zozizira. Iyeyu ndi amene anakana mapepala a fotokope, nati akanyowa amang'ambika, tigule okhuthala a penti ya madzi komanso nsalu yoyera ya thonje.

Pempho lopita kwa aphunzitsi linali la tsamba limodzi: mankhwala ake, kuchuluka kwake, komwe tigwirire ntchito ndi komwe titaye madzi otsukira. Atasaina, ndinapita kwa abambo oyang'anira labu. Anawerenga, n'kuloza dzina limodzi ndi cholembera.

"Mwana wanga, potassium ferricyanide ameneyu ukumudziwa bwino?"

"Eya bambo. Payekha savuta kwambiri, koma akakumana ndi asidi wamphamvu amatulutsa mpweya wakupha wa hydrogen cyanide."

Anachotsa mabotolo onse a asidi pa tebulo lathu, natipatsa magolovesi, n'kulemba dzina la mnzanga wojambula uja m'buku la alendo.

Kusungunula n'kosavuta. M'botolo loyamba magalamu 25 a ferric ammonium citrate wobiriwira m'madzi osungunulira a mu labu okwana mamililita 100. M'botolo lachiwiri magalamu 10 a potassium ferricyanide m'madzi ochuluka chimodzimodzi. Mabotolo akhale akuda, ndipo musakanize mofanana pa tsiku lopaka lokha, chifukwa akasakanikirana sachedwa kuwonongeka. Tinapaka m'chipinda chotseka makatani, ndi burashi yopanda chitsulo, n'kuumitsa mapepala m'kabati. Akauma amaoneka achikasu chobiriwira ngati ndimu losapsa.

Pamene pali nkhani ndi padzuwa. Timayala masamba pa pepala, galasi pamwamba, n'kupana ndi mapegi kuti tsamba ligone ndithu. Likangotukuka pang'ono m'mphepete mwake simuoneka bwino. Mnzanga anabwera ndi singano za paini wa ku Chikangawa, masamba a khofi ndi timaluwa ta m'mbali mwa msewu. Chimene chimagwira ntchito si kutentha ayi, ndi kuwala kwa ultraviolet, kochepera ma nanometre 400, komwe maso sakuona. Kuwalako kumasandutsa chitsulo cha mu ferric ammonium citrate, chotchedwa iron(III), kukhala iron(II), amene amagwirana ndi ferricyanide n'kupanga utoto wotchedwa Prussian blue, womwe susungunuka m'madzi. Pansi pa tsamba kuwala sikufika, ndiye mankhwala a pamenepo amachoka potsuka, pamatsala poyera.

Vuto ndi Mzuzu wathuyu. Mu Juni ndi Julayi mutha kuyala bwinobwino, mitambo n'kubwera ndi mvula yamawawa musanakhale n'komwe. Dzuwa la Okutobala masana mphindi 10 mpaka 15 zimakwana, koma kukachita mitambo zimatenga nthawi yaitali kwambiri. Ine ndinkayesa ndi kapepala kakang'ono, n'kumasuntha katoni pamwamba pake mphindi zingapo zilizonse kuti ndipeze nthawi yoyenera, ndipo manambalawo ndi amene analowa mu lipoti langa. Mnzanga wotchi analibe nayo ntchito. Ankangoyang'ana pepala, likasanduka lotuwa mwamkuwa amati, "Achimwene, chotsani, chapsa." Masiku a mitambo diso lake linkaposa wotchi yanga kutali.

Kutsuka ndi madzi wamba mpaka chikasu chonse chithe. Buluu amayamba wofooka, n'kumada yekha mawa lake mpweya ukamugwira. Ofulumira angathire madontho a hydrogen peroxide wa ku famase. Sopo waufa musayerekeze, amafufutitsa utotowo. Mnzanga anagwiritsa ntchito kufufuka komweko mwadala: anaviika chithunzi pang'ono m'madzi a soda wochapira, kenako mu tiyi wamasamba wowira kwambiri, tannin wa mu tiyi n'kuchisandutsa chabulauni. Zimenezi mu pempho langa munalibe, ndinachita kuwonjezera tsamba mu lipoti.

Pansi pa chithunzi chilichonse tinalemba maina athu tonse awiri, tsamba limene tinagwiritsa ntchito ndi mphindi za padzuwa. Za ndalama tinagwirizana tisanapachike zithunzizo: zopangidwa ndi mankhwala a mu labu sizigulitsidwa, koma akagula mankhwala akeake, malonda ndi ake.