K100,000 imene RPG inameza mwakachetechete

Mwezi uno madzulo ndikaweruka ndakhala ndikuphunzira RPG, chinenero chakale cha IBM cholembera mapulogalamu a pakompyuta, chimene mpaka lero chikuwerengera malipiro ndi katundu m'makampani ambiri. Makina ake anthu amawatchulabe AS/400, dzina la mu 1988, ngakhale kuyambira 2008 amati IBM i. Ndimayeserera pa PUB400, makina a ku Germany amene amapereka akaunti yaulere kwa ophunzira.

Ndinadzipatsa ntchito yooneka yophweka: kutenga kapulogalamu ka kalembedwe kakale, kaja kamene liwu lililonse limakhala m'danga mwake, n'kukalemba mu free-form, kalembedwe katsopano kopanda madanga oikika. Ntchito yake ndi kuphatikiza ngongole za kasitomala aliyense. Pamene panali ADD AMT TOTAL, kutanthauza kuonjezera ngongole imodzi (AMT) pa zonse pamodzi (TOTAL), ndinalembapo total += amt. Nditakayendetsa, sikirini yobiriwa ya makinawo inangoima, pansi pake uthenga wa vuto RNQ0103, kutanthauza kuti malo olandira yankho achepa, ndiye zilembo C G D F zoyankhira uthengawo zikudikira kuti ndisankhepo. Ndinati basi ndaononga, poti kakale kaja sikanadandaulepo.

Usiku woyamba ndinataya nthawi pachabe. Nambala ya mzere imene uthengawo unkatchula sinkagwirizana ndi zimene ndinalemba, mpaka ndinadziwa zoika OPTION(*SRCSTMT), imene imachititsa kuti manambalawo agwirizane. Mawa lake ndinakompaila (kusandutsa zolembazo kukhala pulogalamu yoyenda) ndi DBGVIEW(*SOURCE) kuti ndizitha kuona mizere yanga, n'kulowa ndi STRDBG, lamulo lofufuzira zolakwika, n'kuimitsa pulogalamu pamzere uja. TOTAL inali 98,450.00, AMT inali 3,200.00. Kuphatikiza zimakwana 101,650.00. Koma TOTAL inalembedwa packed(7:2), manambala 7 okha, awiri mwa iwo a matambala. Mapeto ake ndi 99,999.99.

Apa m'pamene ndinachita kukhala tsonga. Nanga kakale kaja kankapulumuka bwanji? Ndinakayendetsa ndi ngongole zomwezo, ndipo kanasindikiza 1,650.00 mosachita manyazi. M'kalembedwe kakale malamulo a masamu ADD, SUB, MULT ndi Z-ADD amangodula nambala ya kumanzere imene yasowa malo, chifukwa TRUNCNBR, chosankha cha pokompaila chololeza kudulako, imakhala pa *YES ngati sunaisinthe. Pamene EVAL, lamulo latsopano lowerengera, ndi masamu onse a mu free-form, amakana n'kuimitsa ntchito. Ndiye kuti ine sindinathyole kanthu, ndinangovundukula dzenje limene linalipo kale. Kasitomala wa ngongole yopitirira K100,000 ankaoneka ngati watsala ndi ndalama ya sopo.

Ndivomere, ndinayesedwa. Pali MONITOR ndi ON-ERROR 103 zimene zimagwira vutolo pulogalamu n'kupitirira, ndipo ndinazilembadi. Uthenga unasowa, mtima unakhala pansi kwa mphindi zingapo, kenako ndinaona kuti TOTAL yangotsala pa 98,450.00, ngongole ija osalowamo. Ndinafufuta.

Kukulitsa malo nakonso si mzere umodzi. Ndinasintha TOTAL kukhala packed(11:2), vuto linasamukira pamene ndalamayo imalembedwa mu fayilo. DSPFFD, lamulo loonetsa madanga a mu fayilo, inandionetsa kuti nakonso ndi 7,2. Nditakulitsa ndi CHGPF, lamulo losinthira fayilo, kapulogalamu kena kowerenga fayilo yomweyo kanagwa ndi uthenga CPF4131, poti maonekedwe a fayilo asintha iko kosakompailidwanso. Lipoti losindikiza nalonso linali ndi danga lake lopapatiza.

Chimene chikundizungulirabe m'mutu ndi kwacha yathu. Amene analemba 7,2 mwina ankaganiza za madola, kumene 99,999.99 ndi ndalama yoti munthu aime kaye. Kuno, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale ngongole ya kagolosale imadumpha malire amenewo osatuluka thukuta.

Sabata yamawa ndikompaila mapulogalamu akale onse amene ndili nawo ndi TRUNCNBR(*NO), yoletsa kudula kuja, ndione kuti ndi angati agwe. Ndawerenga kale ma Z-ADD, alipo 14.