Ndinapita ku debate ndi mfundo imodzi, ndabwerako ndi mutu wopweteka

Sabata yatha aphunzitsi athu a mbiri kuno ku Ulongwe anatipatsa mutu wa debate: kodi aphungu akamadzudzula abusa ndi ansembe kuti akulowetsa ndale mu ulaliki, amakhala akunena zoona? Ine ndinathamangira mbali ya aphungu, osaganiza kawiri, poti ndinali ndi kachida kanga, Artigo 12 ya Constituição, malamulo aakulu a dziko lathu la Mozambique, yomwe imati dzikoli ndi laico, kutanthauza kuti boma ndi losiyana ndi chipembedzo. Ndinaima monyada nkuti basi nkhani yatha, mpingo uzikhala chete.

Aphunzitsi anangoseka. Akuti werenganso bwinobwino mwana iwe, lamulolo likulekanitsa boma ndi mipingo, kuti boma lisakhale ndi chipembedzo chakechake, koma paliponse silinamange pakamwa pa wolalikira. Manyazi anandigwira ndithu, miyezi yonseyi ndimaloweza mau osamva tanthauzo.

Kenako anatifunsa za Wiriyamu, konkuno ku Tete, 16 December 1972, pomwe asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazanamazana. Nanga dziko linamva bwanji? Ndi ansembe a ku Spain omwe anasonkhanitsa maina a ophedwa, ndipo bambo Adrian Hastings nkukazitulutsa mu nyuzi ya The Times ku London mu July 1973. Atsamunda nawonso ankati ansembewa akulowerera ndale. Mtendere wa ku Roma wa pa 4 October 1992 uja, womwe unathetsa nkhondo ya pachiweniweni kuno ku Mozambique, mmodzi mwa amkhalapakati anali Dom Jaime Gonçalves wa ku Beira, apo palibe anati abwerere ku guwa.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera amayi akusenda mbatata, iwo nkuyamba yawo. Mu 1992 anali othawa nkhondo ku Dedza, ndipo anali mtchalitchi pa 8 March tsiku lomwe kalata ya maepiskopi a ku Malawi yodzudzula boma la Kamuzu inawerengedwa, akuti munali zii, ngakhale wotsokomola panalibe, anthu kumangoyang'ana pakhomo. A Kongeresi anakwiya koopsa, Monsignor John Roche anathamangitsidwa mdziko, koma chaka chotsatira anthu anavotera zipani zambiri.

Komabe musaone ngati ndatembenuka kwathunthu ayi. Nthawi ya kampeni ndinapemphera pa mpingo wina, sinditchula, mlaliki anasiya Baibulo lili chitsegukire nkuyamba kutiuza pomwe tikachonge, mpaka kunena kuti wovotera kwina alibe mzimu. Azakhali anga anatenga chitenje chawo nkutuluka, mpaka lero sanapondekonso. Zimenezo phungu akadzudzula ine ndimuombera mmanja. Kunena kuti feteleza sanafike kwa alimi kapena kuti kuchipatala kulibe mankhwala ndi nkhani ina, kugawa mavoti pa guwa ndi inanso.

Chomwe chikundisautsa nchoti aphungu ambiri amakwiya pokhapokha ulalikiwo ukabaya chipani chawo, ukawayamikira amakhala mpando wakutsogolo nkuponya chopereka chachikulu. Ndimafuna ndilembe zimenezi mu trabalho (ntchito ya kusukulu) yanga ya Lachisanu koma masamba atipatsa awiri okha, ndipo Wiriyamu yekha wadya kale tsamba ndi theka.