Nkhope yanga ndi nkhani ya chigayo

Inde, ndine ndinachititsa kuti amayi aku Makawa anyamule chimanga kupita kuchigayo magetsi kulibe. Koma musanapitirize kutumizirana chithunzi chija cha nkhope yanga pa WhatsApp, mumve kaye mbali yanga.

Kusamala nkhope ndimakudziwa, ena a inu ndinakuphunzitsani ndine. M'mawa kusamba kumaso ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofewa, osati wochapira uja wothetsa mafuta onse pakhungu. Kupukuta modinda ndi thaulo, osakhula. Khungu likadali lonyowa pang'ono, kirimu wa masana wochuluka ngati njere ya nyemba basi, kuti atsekere chinyezi. Kudikira mphindi zingapo alowe. Pomaliza mafuta oteteza ku dzuwa, SPF 30 kapena kuposa (nambala ya pa botolo yosonyeza mphamvu yoteteza), mizere iwiri, umodzi pa chala chamkombaphala wina pa chapakati, mphindi 15 usanatuluke panja.

Tsiku limene ndimapita ku chinkhoswe ku Makawa, kirimu wa masana anali atatha. Ndinatenga wa usiku, wolemera uja, amene ntchito yake ndi kukhala pankhope munthu uli gone. Msuweni wanga anati ndidonthezemo gilisalini kuti ndikawale pa zithunzi. Ndinadontheza. Mafuta a dzuwa amene ndinali nawo anali a zinc oxide, omwe pakhungu lakuda amasiya utoto woyera ukapanda kuwapaka pang'onopang'ono, kagawo kamodzi kaume kaye. Ine ndinapaka onse nthawi imodzi, pamwamba pa mafuta osalowa, chifukwa wa njinga yamoto anali akuliza hutala pageti ngati wabwera kudzatenga wodwala.

Okutobala, 11 koloko, Mangochi. Tisanatuluke n'komwe pa Boma thukuta linali litayamba. Zinc analibe pogwira, ndiye anayamba kutsetsereka, kudzaunjikana m'nsidze, m'mbali mwa mphuno ndi pachibwano. Wina analowa m'maso, misozi n'kujambula mizere iwiri mpaka m'khosi. Titasiya tala, gilisalini anagwira fumbi lonse la m'njira. Ndinafunsa, "Achimwene, nkhope ili bwanji?" Iye anayang'ana pagalasi n'kunena kuti, "Ili bwino, asisi." Munthu ameneyu ndinamulipira ndalama yonse.

Nditangotsika, anganga ena amene anakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango anandiitana ndi dzanja. Ndinagwada mwaulemu, chitenje changa chatsopano, ndikuganiza kuti ayamikira. Anandiyang'ana pamphumi. Anandiyang'ana m'nsidze. Anatambasula dzanja, n'kupalasa tsaya langa ndi chala, n'kuchiyang'anitsitsa chalacho, n'kuchinunkhiza. Kenako anafunsa motsitsa mawu, ngati tikugawana chinsinsi:

"Mwanangu, chayamba kugaya?"

Ine sindinamve bwino chifukwa cha zoimbira za jenereta, ndiye ndinayankha zomwe munthu wolemekeza akulu amayankha: "Eya, anganga."

Anakuwa. "Chigayo chayamba! Magetsi abwera!" Amayi amene amasenda anyezi anasiya mipeni. Wina anazula mwana kubere. Malichero, mabeseni, matumba, onse pamutu, mzere kulowera kumsewu. Wina podutsa anandifunsa ngati pali anthu ambiri, n'kudziyankha yekha atandiona kumaso: "Iii, awa ndiye anali kutsogolo kwenikweni." Mpunga wa chinkhoswe unapserera pamoto wopanda woyang'anira, ndipo ankhoswe mpaka lero amandiyankha moni mwachidule.

Tsono tiyeni tinene zoona. Dongosolo silinalakwike: kusamba, kirimu, mafuta a dzuwa. Cholakwika chinali kulemera kwa kirimu ndi kusadikira, ndipo kusadikirako mlandu wake ndi wa hutala. Kuno kotentha nkhope imafuna kirimu wopepuka wamadzimadzi, wolemera asiyireni usiku kapena miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Gilisalini ngati mukumufuna, kadontho kamodzi kosakaniza ndi madzi m'manja. Ndipo pa anthu onse amene anali pa chinkhoswe paja, ndani amene dzuwa silinamuwotche? Ine ndekha. Mafuta aja amayenera kupakidwanso pakatha maola awiri, koma nditatulutsa botolo msuweni wanga anandilanda.

Amayi aja anabwerako cha m'ma 2 koloko ndi chimanga chawo chosagaya. Ine ndinali nditasamba kale kuseri kwa nyumba, ndiye sanandizindikire. Mmodzi anandifunsa ngati ndamuona mayi wabodza uja. Ndinati wapita cha ku Monkey Bay.