Ana 12, mapadi 8

Mwana wanga wamwamuna atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 9, anapempha kuti phwando la tsiku lake lobadwa likhale la magemu, ndipo za china chilichonse sanafune n'kumva komwe. Poyamba ndinaganiza zongobwereka makina n'kuwasiya anawo azisewera okha, koma nditakumbukira mmene ana awiri okha amalimbirana padi imodzi, kachipangizo ka mabatani kogwira m'manja posewera gemu, mpaka wina kulira, ndinadziwa kuti ana 12 m'chipinda chimodzi sindingawathe. Choncho ndinafufuza anthu amene amabwera ndi zipangizo zawo, n'kuzilumikiza, n'kutsogolera masewera onse kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tsiku limene ndinawaimbira foni, mafunso anga onse anali okhudza makina. Anandiuza kuti adzabwera ndi makina awiri osewerera magemu a Nintendo Switch, masikirini awiri akuluakulu ndi mapadi 8, kuwonjezera pa ena apadera. Kenako mayi amene ankandiyankhayo anayamba kundifunsa mafunso awo, ndipo m'pamene ndinaona kuti sindinakonzeke. Ankafuna kudziwa kuti wamng'ono pa onse ali ndi zaka zingati, ngati panali mwana amene sanagwirepo padi, komanso ngati panali wina wodwala matenda akugwa, popeza kuwala kothwanimathwanima kumatha kudzutsa matendawa mwa anthu ena. Funso lomalizali linandichititsa kuimbira makolo onse mmodzimmodzi, chinthu chimene pandekha sindikanachiganizira.

Pa nkhani yosankha magemu tinakanganapo ndi mwini phwando. Iye ankafuna Fortnite, chifukwa ndiyo imene anzake akuluakulu amaitchulatchula. Ine ndinali nditaphunzira kumene kuwerenga kanambala kamene kamakhala pa bokosi la gemu. Dongosolo la PEGI, limene linayamba ku Ulaya mu 2003, limagawa magemu m'misinkhu ya zaka 3, 7, 12, 16 ndi 18, ndipo nambalayo imanena za zimene mwana aone ndi kumva m'gemumo, osati za kuvuta kwake. Fortnite ili pa zaka 12, komanso imaseweredwa pa intaneti pamodzi ndi anthu osawadziwa, pamene mlendo wathu wamng'ono anali ndi zaka 7. Tinagwirizana za Mario Kart 8 Deluxe, mpikisano wa timagalimoto umene unatuluka mu 2017 ndipo uli pa zaka 3, ndi Minecraft, imene ili pa zaka 7. Onse awiri amalola ana anayi kusewera pa sikirini imodzi popanda intaneti. Mwanayo anatupa tsiku lathunthu, kenako anaiwala.

Wotsogolera anali mnyamata wofatsa, ndipo anafika kutatsala ola lathunthu. Anayang'ana masoketi, anasuntha sikirini imodzi chifukwa kuwala kwa pawindo kunkagwera pomwepo, ndipo mawaya onse anawamata pansi ndi tepi kuti wina asapunthwe. Atatero anandipempha mayina a ana onse n'kuwalemba papepala lalikulu m'magulu atatu a ana anayi anayi.

Pepala limenelo ndilo linagwira phwando lonse. Masikirini awiri amatenga ana 8, kutanthauza kuti nthawi iliyonse ana anayi amakhala akudikira, ndipo aliyense amene analerapo mwana akudziwa kuti mkangano umayambira kwa odikirawo. Chikho chimodzi cha Mario Kart chimakhala ndi mipikisano inayi, koma mnyamatayo ankasinthanitsa magulu ikangotha iwiri, kuti pasakhale wodikira nthawi yoposa mphindi zochepa. Odikirawo ankawapatsanso ntchito: wina kulemba zotsatira papepala, wina kulengeza amene ali patsogolo, wina kusankha msewu wotsatira. Ndinaona kamnyamata kena kakukana kusiya cholembera nthawi yake yosewera itakwana.

Mtsikana wa zaka 7 uja anali asanagwirepo padi, ndipo pa mpikisano wake woyamba galimoto yake inkangogunda makoma mpaka milomo inayamba kunjenjemera. Wotsogolerayo anagwada pambali pake ngati akuona batire, n'kumuyatsira thandizo limene lili m'gemumo, loti galimoto iziyenda yokha ndiponso isamatuluke mumsewu. Thandizoli likayatsidwa, kumbuyo kwa galimoto kumaoneka kaeriyo kakang'ono, ndipo mnyamata wina wamkulupo anakaona msanga.

"Ankolo, uyu akubera!" anafuula.

"Sakubera ayi. Iwenso ukafuna ndikuyatsira pompano," wotsogolerayo anayankha osakweza mawu.

Mnyamatayo anakana mwamphamvu, chifukwa kwa iye kuyenda ndi kaeriyo kunali kunyozeka, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Mtsikanayo anamaliza pa nambala 6 mwa magalimoto 12, ndipo anatembenuka kundiyang'ana ngati watenga chikho.

Chimene chinandivuta ine chinachitika kwa mwana wanga yemwe. Gemu imeneyi inapangidwa mwadala kuti otsalira m'mbuyo azilandira zida zamphamvu, ndipo chida choopedwa kwambiri ndi chigoba cha buluu chimene chimalondola amene ali patsogolo penipeni. Pa mpikisano womaliza wa gulu lake iye anatsogola njira yonse, chigobacho chinamupeza atatsala pang'ono kufika, ndipo anamaliza wachinayi. Anaponya padi pampando, maso atadzaza misozi, anzake onse akuona. Ndinanyamuka kuti ndimudzudzule, koma wotsogolerayo anandikodola n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, ndisiyireni pang'ono." Anatola padiyo, anaona ngati ili bwinobwino, n'kuuza ana onse kuti chigoba chimenechi chimagunda amene akuyendetsa bwino kuposa onse, ndipo anafunsa kuti ndani winanso chinamugundapo. Manja anakwera ambiri, aliyense akufuna kufotokoza tsoka lake, ndipo mwana wanga anapezeka akuseka nawo misozi isanaume n'komwe.

Ndivomere kuti mumtima ndinkayembekezera kuti mnyamatayo akonza zoti mwini phwando apambane, ndipo akanatero sindikanadandaula. Sanatero, ndipo ndikaganiza bwino, ana a msinkhu umenewu amazindikira msanga munthu wamkulu akamawanyengerera, moti anzakewo akanamuseka nazo kusukulu.

Theka lachiwiri linali la Minecraft, gemu ya kampani ya Mojang ya ku Sweden, imene Microsoft inagula mu 2014. Anaiika pa mtundu umene mulibe adani ndipo zomangira sizitha, n'kupatsa gulu lililonse mphindi 15 kuti limange nyumba ya mwini phwando. Phokoso linatsika kwambiri moti ndinatha kumva wotchi. Mtsikana uja, amene pa mpikisano ankatsalira, ndiye anakhala kapitawo wa gulu lake, akulamula anyamata akuluakulu poika khomo.

Pali chinthu chimodzi chimene sichinandisangalatse. Ana ali mkati momanga, wotsogolerayo anatulutsa foni n'kuyamba kuwajambula, ndipo nditamufunsa anati zithunzizo ndi zoika pa Facebook potsatsa ntchito yawo. Za zimenezi sanandiuze pamene tinkagwirizana, ndipo ana 11 mwa anawo sanali anga kuti ndiwavomerezere. Ndinamupempha kuti azifufute ndikuona, ndipo anatero mosanyinyirika, koma nkhani imeneyi inayenera kukambidwa pa foni tsiku loyamba lija, pamodzi ndi ya maola, popeza ndinazindikira mochedwa kuti maola awiri amene tinapangana sankaphatikizapo nthawi yolumikiza ndi kulongedza, ndipo makolo ena anafika mawaya adakali pansi.

Kutatsala mphindi 10 anachenjeza ana, kutatsala 5 anachenjezanso, ndipo nthawi itakwana anapempha mwana wanga kuti ndiye azimitse makina onse awiri. Polongedza anafuna kutaya pepala la zotsatira lija, koma mwanayo analilanda. Analimata pakhoma la kuchipinda kwake, ndipo pambali pa dzina lake, pamene palembedwa nambala 4, anajambulapo kachigoba ndi cholembera cha buluu.